Kodi tizilombo timene usipa umadya timadya chiyani?

Funso: Akulu, ndimagulitsa usipa ku Area 25, Lilongwe. Mwana wanga wa ku LUANAR akuti usipa umadya tizilombo totchedwa copepod. Nanga tizilomboto timadya chiyani?

Yankho: Mayi, mwanayo sananame. Tizilomboti n'ting'onoting'ono ngati mchenga, ndipo timadya ndere zosaoneka ndi maso. Mwachitsanzo, kugombe la dziko la Namibia, mphepo ikavundula madzi ozizira a pansi pa nyanja, ndere za mtundu wotchedwa diatom zimachuluka, tatikazi n'kumaikira mazira ambiri. Chondidetsa nkhawa n'chakuti diatom yekhayekha sakwanira: mitundu ina imatulutsa mankhwala olepheretsa mazira kuswa. Tizilomboti tikamadyakonso ndere zina zotchedwa dinoflagellate, zokhala ndi mafuta otchedwa DHA, mazira amaswa bwino. Kwathu kuno, mwera wa mu Juni ndi Julayi umavundulanso madzi chakumwera kwa Nyanja ya Malawi, ndipo ndere zikachuluka usipa wanu umapeza chakudya.