Yankho kwa mchimwene wa ku Namwera amene akufuna kukompaila kernel ya Linux

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchimwene wina wa ku Namwera amene akudziphunzitsa yekha C, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Nkhani yake ndi ya kernel, mtima wa Linux umene umayendetsa zipangizo za kompyuta, ndi kuikompaila, kutanthauza kusandutsa khodi yake kukhala pulogalamu yoyenda. Analemba kuti: "Ndikufuna kuona mkati mwa kernel ya Linux ndi kuikompaila ndekha. Ndayesa git clone kawiri, kawiri konseko bandulo inatha zisanamalize. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 4 GB, muli Windows ndi Ubuntu. Ndiyambire pati, ndipo kodi sindiononga kompyuta?"

Achimwene, git clone ija, njira yokopera khodi pa intaneti, isiyeni kaye. Imakoka mbiri yonse ya kernel kuyambira 2005, chaka chimene Linus Torvalds analemba git, ndipo mbiriyo ndi ma GB angapo. Choipa kwambiri n'chakuti netiweki ikaduka pakati, git siyipitiriza pamene inalekera, imayambiranso pachiyambi. Apo ndi pamene ndalama zanu zinalowera. Inu mbiri simukuifuna panopa, mukufuna khodi yokha.

Pitani pa kernel.org musankhe imodzi mwa zolembedwa kuti longterm, monga 6.6 kapena 6.12. Zimenezi amazisamalira kwa zaka, pamene kernel yatsopano imatuluka pafupifupi masabata 9 kapena 10 aliwonse. Fayilo yake imathera ndi .tar.xz ndipo siyifika 200 MB. Koperani linki yake muikoke ndi wget -c. Ka -c ako ndiye kakupulumutseni: intaneti ikagwa, mungobwereza lamulo lomwelo ndipo ipitirira pamene inaimira. Mukatsikira ku boma kuno ndi flashi, kufunsa mnzanu amene ali nayo kale ndi njira yabwinonso. Laisensi yake ndi GPL, kugawana n'kololedwa.

Pali msampha umodzi umene ukukudikirani chifukwa muli ndi Windows. Musamasulire fayiloyo pa chigawo cha Windows kapena pa flashi. Mu kernel muli mafayilo amene mayina awo amangosiyana zilembo zazikulu ndi zazing'ono, monga xt_connmark.h ndi xt_CONNMARK.h. Kwa Linux awa ndi mafayilo awiri, koma flashi wamba ndi Windows amawaona ngati amodzi, ina imafufuta inzake mwakachetechete. Lowani mu Ubuntu, mu foda yanu ya home, mulembe tar xf ndi dzina la fayilo. Ikamasuka idya malo opitirira 1 GB.

Zida zofunika zimabwera ndi lamulo limodzi: sudo apt install build-essential flex bison bc libssl-dev libelf-dev libncurses-dev qemu-system-x86. Apa pokha ndi pamene mugwiritse ntchito sudo, lamulo lokupatsani mphamvu zonse pa kompyuta. Zina zonse chitani ngati munthu wamba.

Tsopano nkhani ya config, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Kernel ili ndi mizere ya khodi yopitirira 30 miliyoni, ndipo yambiri ndi ma driver a zipangizo zimene inu ndi ine sitidzazigwirapo. Fayilo ya .config ndi imene imanena kuti ichi chikompailidwe, ichi chisiyidwe. Maphunziro ambiri a pa intaneti amati mukopere config ya Ubuntu yomwe ili mu /boot. Ine ndikuti ayi, osati tsiku loyamba. Config imeneyo anaipanga kuti igwire pa kompyuta iliyonse, choncho imakompaila ma module (tizigawo toonjezera ta kernel) masauzande, imatenga maola pa laputopu ngati yanuyo, ndipo imatha kudzaza malo oposa 10 GB. Kuwonjezera apo imafunafuna fayilo ya debian/canonical-certs.pem imene mulibe, ndiye ntchito imaima ndi uthenga wosokoneza mutadikira kale nthawi yaitali. Ine zinandichitikira usiku wina wa mu Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, nditakhala pakhonde thukuta lili kamukamu, fani ya laputopu ikulira ngati chigayo. Nditaona Error ija pansi pa sikirini ndinatseka laputopu, sindinaigwirenso ntchitoyo mpaka sabata inatha.

Lowani mu foda imene yamasuka ija mulembe make defconfig. Imakupatsani kernel yochepa koma yoyenda. Kenako lembani nproc ikuuzeni ma core (tizigawo togwira ntchito ta processor) amene muli nawo. Ngati ndi 4, lembani make -j4. RAM ya 4 GB ikwana bola mutseke browser. Laputopu muikweze pa zitsekero za mabotolo kapena pa timatabwa tiwiri kuti mpweya udutse pansi, osati pa bedi kapena pa mphasa, chifukwa processor ikatentha imadzichepetsa liwiro, mwinanso kuzima kumene. Yambani m'mamawa kusanatenthe.

Magetsi akathima musade nkhawa. make imayang'ana zimene zapangidwa kale n'kupitiriza ndi zotsala. Mukaona batire ikutha, dinani Ctrl ndi C muimitse bwinobwino, magetsi akabwera mulembenso make -j4.

Zikatha muona mzere wonena kuti arch/x86/boot/bzImage is ready. Imeneyo ndiye kernel yanu.

Pa funso lanu loti kodi simuononga kompyuta: simuononga, bola musalembe make install. Lamulo limenelo limakhudza /boot ndi GRUB, pulogalamu imene imayatsa Windows kapena Ubuntu kompyuta ikamadzuka, ndipo pa laputopu yokhayo imene muli nayo, momwe muli Windows ndi zinthu zanu za sukulu, sindikufuna muyesereko. Kernel yanu iyendetseni mu QEMU, imene ndi kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yanu. Lamulo lake ndi ili: qemu-system-x86_64 -kernel arch/x86/boot/bzImage -append "console=ttyS0" -nographic

Mizere ithamanga pa sikirini, kenako iima pa Kernel panic, ikudandaula kuti Unable to mount root fs. Musakhumudwe nazo. Kernel yadzuka, yazindikira memory ndi zipangizo, yafunafuna disiki yoti ipezemo pulogalamu yoyamba, ndiye yaisowa chifukwa simunaipatse. Yafika pamene imayenera kufika. Potuluka dinani Ctrl ndi A, kenako X.

Chimene ndikufuna muchite tsiku lomwelo ndi ichi. Tsegulani init/main.c mupeze function yotchedwa start_kernel. M'menemo muli mzere wosindikiza linux_banner. Pansi pake onjezani wanu: pr_info("Moni wochokera ku Namwera\n"); Sungani, lembaninso make -j4, ndipo muona kuti ulendo uno sizitenga nthawi chifukwa ikukompaila zokhazo zimene zasintha. Yatsani QEMU, kwerani pamwamba pa mizere ija, mupeza moni wanu pafupi ndi mzere wa Linux version. Ine nditaona wanga koyamba ndinaujambula pa foni, ndipo chithunzicho ndidakali nacho. Kuchokera pamenepo mafayilo aja amasiya kuoneka ngati nkhalango, mumayamba kufunsa kuti nanga function yotsatirayi imatani, n'kuitsata.

Zowerenga musagulire bandulo ina. Foda ya Documentation ili mu khodi momwemo, ndipo Documentation/process/howto.rst analembera anthu oyamba kumene ngati inu. Moni uja akaoneka mundilembere, tidzakambirane za BusyBox ndi initramfs, zida zopatsira kernel pulogalamu yoyamba ija, kuti kernel yanu isamaimenso pa panic koma ikupatseni shell, malo oti mulembemo malamulo ngati ls.