Mwana akufuna kusiya za yunivesite kuti alimbikire rugby

Funso lachokera kwa mayi wina wokhala mu mzinda wa Glasgow ku Scotland. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 17 amasewera rugby kutsogolo, pa malo a prop (mmodzi mwa osewera amphamvu a mzere woyamba pokankhana ndi timu ina), ndipo aphunzitsi ake akumuyamikira. Tsopano mnyamatayo akuti za yunivesite aziike kaye pambali. Mayiwo akufunsa ngati amulole.

Amayi, mpirawo musamuletse, koma fomu ya UCAS, yofunsira malo ku mayunivesite a ku UK, alembe ndithu chaka chino.

Ku Scotland kuli matimu awiri okha omwe rugby ndi ntchito yeniyeni ya malipiro, Glasgow Warriors ndi Edinburgh. Kunali timu yachitatu, Border Reivers, koma inathetsedwa mu 2007 chifukwa cha ndalama, osewera ake n'kuyamba kusakasaka kolowera. Mmodzi mwa iwo anali Geoff Cross, ndipo ndikufuna mwana wanu amudziwe munthu ameneyu, poti ankasewera malo omwewo.

Cross anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Edinburgh uku akusewera. Digiri ataitenga, sanapite kukagwira ntchito kuchipatala. Analowa timu ya Edinburgh. Jezi ya dziko anaivala koyamba mu February 2009 pa bwalo la Murrayfield ku Edinburgh, polimbana ndi Wales, ali ndi zaka 26, ndipo tsikulo silinamukomere: anawombana ndi Lee Byrne wa Wales yemwe anali m'mwamba kuwakha mpira, anakomoka, ndipo anamutulutsa pa machira atapatsidwanso khadi yachikasu. Koma anabwerera, anasewerera Scotland masewero 40, anapita ku timu ya London Irish ya ku England mu 2014, ndipo mu 2016 anapachika nsapato kuti akayambe udokotala uja.

Zaka 26 zija muziganizire bwino. Osewera kumbuyo, othamanga aja, ena amatchuka asanakwane zaka 21. Prop sakhwima msanga choncho. Mphamvu za khosi ndi msana zofunika mu scrum (pomwe osewera akutsogolo a matimu awiri amakolana n'kumakankhana polimbirana mpira), komanso nzeru zogonjetsera mnzako wamkulu thupi kukuposa, zimabwera pang'onopang'ono, ndipo ambiri amafika pachimake akuyandikira zaka 30. Ndiye zaka zinayi za digiri sizimutsekera khomo mwana wanu, malinga azisewerabe mu timu ya yunivesite kapena kalabu yabwino. Euan Murray, yemwe ankalimbirana jezi ya nambala 3, ya prop, ndi Cross mu timu ya Scotland, naye anamaliza maphunziro a udokotala wa ziweto ku Glasgow, ndipo anafika mpaka mu timu ya British and Irish Lions, ya akatswiri osankhidwa ku England, Scotland, Wales ndi Ireland, mu 2009.

Sindikunamizani kuti njirayi n'njofewa. Cross anabwerera kuchipatala ali ndi zaka 33, kukayambira pansi, pomwe anzake a m'kalasi anali atapita kale patali. Ndipo si mwana aliyense angasenze udokotala ndi rugby nthawi imodzi. Ngati mwana wanu sukulu imamuvuta, kosi ya kukoleji kapena kuphunzira ntchito yamanja zingamuyenere bwino kuposa digiri yomukakamiza.

Chimene ndikukana ndi kusiya sukulu chifukwa cha mawu oyamikira okha. Mufunseni: kodi pali timu yamupatsa kontrakiti yolembedwa? Ngati ilipo, pitani nonse mukafunse kuti n'nja zaka zingati, akavulala zimatha bwanji, komanso ngati amalola wosewera kuphunzira. Ngati palibe, amalize bwino mayeso ake, asankhe yunivesite kapena koleji yomwe ili ndi timu yamphamvu, ndipo akapatsidwa malo afunse ngati angawasungitse chaka chimodzi.