Masiku Awiri Okalawa Zakudya ku Dhanbad

Achimwene, mwafunsa ngati masiku awiri angakwane kuti mukalawe zakudya za ku Dhanbad, mzinda wa migodi ya malasha m'chigawo cha Jharkhand ku India. Akwana ndithu, koma mupite pakati pa Novembala ndi Febuluwale, chifukwa kuyambira Epulo mpaka Juni kumatentha kwambiri moti ngakhale chilakolako cha chakudya chimatha. Kuchokera ku Kolkata, mukakwere sitima pa siteshoni ya Howrah, ndipo mudzafika patatha maola anayi kapena asanu.

Madzulo oyamba mupite ku Bank More kapena ku Hirapur, madera amalonda a mumzindamo, mukadye chakudya chotchedwa litti chokha. Litti ndi timibulu ta ufa wa tirigu tokhala ndi ufa wa tchana wokazinga mkati, tootchedwa pamakala kenako n'kuviikidwa m'mafuta a mkaka otchedwa ghee, pomwe ndiwo zake zotchedwa chokha ndi mabiringanya, tomato ndi mbatatesi zosinjidwa pamodzi. Muime pafupi ndi mbaula kuti mulandire yotentha, wogulitsa atangoisansa phulusa, pakuti ikazizira imauma. M'mawa mwake mufunefune dhuska, chitumbuwa cha mpunga ndi mphodza chimene amadyera ndiwo za mbatatesi. Madzi muzimwa a m'botolo okha.

Ku Jharia, dera la migodi ya malasha pafupi ndi Dhanbad, kumene moto wakhala ukuyaka pansi pa nthaka kuyambira 1916, mungapiteko kukaona, koma utsi ndi fumbi n'zambiri, choncho chakudya mukadyere m'tauni.