Sensa ikulira usiku: vuto ndi mkono kapena kagonedwe?

Achemwali, mwati sensa yanu ya shuga ili pamkono imakudzutsani usiku kuti shuga watsika, koma mukabaya chala mumapeza ali bwinobwino, ndiye mukufuna kuisamutsira pantchafu. Musafulumire. Ndikukayikira kuti mumagonera mkono umene uli ndi sensawo.

Sensa, kachipangizo komata pakhungu kamene kamayeza shuga nthawi zonse n'kumatumiza manambala pafoni, siyeza magazi ngati mmene timachitira pobaya chala. Kawaya kake kopyapyala kamalowa pansi pa khungu n'kumayeza shuga m'madzi a m'thupi amene ali pamenepo, n'chifukwa chake manambala ake amatsalira pambuyo ndi mphindi zingapo. Mukaigonera, malowo amapanikizika, magazi sayenda bwino, ndipo sensa imaona ngati shuga wachepa. Mawa yang'anani pafoni mzere wosonyeza mmene shuga anayendera usiku. Ngati unali kuyenda bwino kenako wagwa mwadzidzidzi ngati wagwera m'dzenje, n'kukweranso wokha mutatembenuka, nkhani ndi imeneyo.

Zinandichitikira ineyo. Foni inalira cha m'ma 3 koloko usiku, ikuonetsa 3.2. Ndi mantha ndinadya zotsekemera osabaya chala, kutacha shuga ali pa 13. Ndinali nditagonera kumanzere, komwe kunali sensa. Kuchokera apo ndimaiika poganizira mbali imene ndimagonera, ndipo ma alamu abodza anachepa kwambiri. Koma chonde, izi zisakuchititseni kunyozera alamu. Ikaonetsa pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 kwa amene amawerenga mu mg/dL, bayani chala. Ngati mukunjenjemera kapena kutuluka thukuta, idyani kaye, zina mufufuza pambuyo.

Simunatchule mtundu wa sensa yanu, ndipo malo ovomerezeka amasiyana. FreeStyle Libre ya masiku 14 inavomerezedwa kumbuyo kwa mkono basi, pakati pa phewa ndi chigongono. Dexcom G6 anthu ambiri amaiika pamimba, ndipo ana amatha kuikidwa m'mwamba mwa thako. Dexcom G7 imakhala masiku 10, malo ake enieni ndi kumbuyo kwa mkono, ngakhale m'mayiko ena amalolanso pamimba. Werengani kapepala ka m'bokosi lanu, chifukwa malamulowa amasiyana malinga ndi dziko komanso msinkhu.

Za ntchafuzo, alipo amene amaika pamenepo n'kumati zimawayendera. Sindikutsutsa. Nkhawa yanga ndi yakuti opanga sensa amatsimikizira kulondola kwake pamalo ovomerezeka okha, ndipo inu mumadalira manambala amenewo pobaya insulini. Komanso ntchafu nayo imagoneredwa, ndipo povula thalauza sensa imakodwa mosavuta. Ngati mukufunadi kuyesa, kambiranani kaye ndi dokotala wanu.

Pamkono pomwepo pali kusankha, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timaika m'mbali mwa mkono, pooneka bwino pagalasi, pomwe ndi pamene pamagunda chitseko komanso pamene timagonera. Kwezani mkono, tsinani kumbuyo kwake pofewa paja pamene pamalendewera pang'ono. Pamenepo pali mafuta okwanira, ndipo mukagona cham'mbali sipatsamira kwambiri pamatiresi. Pewani pamnofu wolimba, pachipsera, pachidindo kapena pamene pali kachotupa kobwera chifukwa chobaya insulini malo amodzimodzi. Jakisoni abayidwe patali ndi sensa: a Libre amati masentimita osachepera 2.5, a Dexcom amati pafupifupi 8. Kwa oika pamimba, talikiranani ndi mchombo komanso modutsa lamba.

Khungu likhale loyera ndi louma. Sambani ndi sopo wamba, pukutani ndi sipiriti, dikirani paume ndithu, osadzola mafuta. Mukaika pakhungu lonyowa, m'mphepete mumayamba kumatuka pasanathe masiku ochepa. Ine ndimapewanso kusamba kapena kuchita zotulutsa thukuta ndikangoiika kumene, kuti guluu agwire.

Funso limene mungakhale nalo ndi lakuti, poti amati tizisinthasintha malo, nanga ukafika ulendo wa mkono wogonerawo? Pamkono umodzi pamakwana malo angapo, mutha kukweza kapena kutsitsa pang'ono kuti khungu lipume. Ukafika ulendo wa mkono winawo, tsamizani pilo kumsana kuti musagubudukire mbali imeneyo. Mukaona khungu likufiira, kuyabwa kapena kuchita matuza, musaikenso pamenepo, kaonetseni kuchipatala.

Imene mwavala panoyi musaichotse, sensa ikazulidwa sibwezeredwanso. Yesani usiku uwiri kapena utatu kugonera mbali inayo, glukomita (makina oyezera shuga pobaya chala) ili pafupi ndi bedi, muone ngati alamu ipitirire. Ikapitirira, ndipo chala nacho chikuonetsa kuti shuga watsikadi, ndiye kuti mwina nkhani ndi mlingo wa insulini ya usiku, ndipo imeneyo musachedwe nayo kwa dokotala.