Ku Cuba sukulu ndi chipatala n'zaulere, nanga akufunanso ufulu wanji?

Mayi wina, mphunzitsi wa ku sekondale, wandilembera pa imelo kuti: "Ku Cuba ana amaphunzira ulere mpaka ku yunivesite, chipatala salipira, ndipo dzikoli linathandiza kumasula kummwera kwa Africa. Nanga amene amati kulibe ufulu akufunanso chiyani? Si mabodza a America amenewa?"

Mayi, zimene mwatchulazo n'zoona, ndipo sindikufuna kuzichepsa. Fulgencio Batista, amene ankalamulira Cuba mpaka pamene anathawa gulu la nkhondo la Fidel Castro pa 1 January 1959, anali wolamulira wankhanza. Mu 1961 achinyamata ambirimbiri anapita kumidzi kukaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Asilikali a Cuba anafera ku Angola, ndipo mu 1991 Nelson Mandela anapita iye mwini kukathokoza Fidel Castro, mtsogoleri wa Cuba pa nthawiyo. Chiletso cha malonda chimene America inakhwimitsa mu 1962 chimapweteka anthu wamba, ndipo ine ndimachitsutsa.

Koma tiyeni titsike m'makwalala a Havana, likulu la Cuba, m'mamawa. Kuyambira mu 1962 banja lililonse lili ndi kabuku kotchedwa libreta, kogulira chakudya ku sitolo ya boma pamtengo wotsika: mpunga, shuga, nyemba, mafuta ophikira pang'ono, ndi kabanzi kamodzi patsiku pa munthu aliyense. Agogo amafika pamzere, n'kufunsa kuti womaliza ndani, n'kusunga nkhope ya munthuyo, kenako n'kukhala pamthunzi kudikira. Zimene amalandira sizifika kumapeto kwa mwezi. Mu 2024 boma linachepetsanso kabanzi kaja. Chaka chomwecho, mu October, makina opangira magetsi a Antonio Guiteras ku Matanzas atawonongeka, dziko lonse linagona mumdima.

Umphawi wotere si wa ku Cuba kokha, mukudziwa inunso. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti agogo aja alibe kokadandaula. Malamulo aakulu a dzikolo amanena mosabisa kuti chipani cha Komyunizimu ndicho chokha chotsogolera dziko. Pachisankho cha aphungu cha mu 2023 panali mipando 470, ndipo opikisana analinso 470. Nyuzipepala yaikulu, Granma, ndi ya chipani. Wailesi ndi kanema n'za boma. Ndipo kuyambira mu 1960, m'dera lililonse muli komiti yoteteza ulamulirowo, yotchedwa CDR, yopangidwa ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Imathandiza pa katemera ndi kusesa, inde, koma imadziwanso amene wabwera kwanu usiku ndi zimene munanena mutakwiya. Amene tinakulira m'nthawi ya chipani chimodzi, referendamu ya 1993 isanachitike, tikukumbukira momwe bambo ankatsitsira mawu mnyumba mwawo momwe. Anthu a ku Cuba akhala akutsitsa mawu chotero kwa zaka zoposa 60.

Amene anayesa kukweza mawu anaona zakuda. Mu 2003 boma linamanga anthu 75, atolankhani ndi omenyera ufulu, ena n'kuwalamula zaka zoposa 20. Akazi awo ndi amayi awo anayamba kuyenda Lamlungu lililonse atavala zoyera, maluwa ali m'manja, ndipo nawonso ankakokedwa m'misewu ndi apolisi. Pa 11 July 2021 anthu a m'tauni ya San Antonio de los Baños anatuluka kukadandaula za njala, kusowa kwa mankhwala ndi kuzimazima kwa magetsi. Uthenga unafalikira pa mafoni, matauni ena n'kutsatira. Boma linadula intaneti, Pulezidenti Miguel Díaz-Canel n'kuuza otsatira chipani pa kanema kuti atuluke akalimbane nawo. Anthu mazanamazana anatsekeredwa. Mmisiri wa zojambula Luis Manuel Otero Alcántara analamulidwa zaka 5.

Mayi, amene anayenda tsiku limenelo sanali alendo ochokera ku Washington. Anabadwira m'zipatala zaulere zija, anaphunzira m'sukulu zaulere zija. Ambiri anali achinyamata a m'madera osauka, akuda ndi osakanizika khungu, anthu amene ulamulirowu umati unabwera kudzathandiza iwowo. Munthu mwamuphunzitsa kuwerenga, ndiye mukumusankhira chowerenga? Monga mphunzitsi, ndikhulupirira mukumva kupweteka kwake kuposa ine.

Kwa munthu wa ku Cuba, ufulu ndi zinthu zooneka zazing'ono: kunena kuti nduna yalakwitsa ndi kugona kwako usiku umenewo, msodzi kugulitsa nsomba zake kwa amene wafuna, kuvotera munthu amene sanasankhidwe kale ndi ena. Ngakhale kutuluka m'dziko kunkafuna chilolezo chapadera cha boma mpaka January 2013.

Ndipo anthu akhala akutuluka. Mu 1980 anthu pafupifupi 125,000 anachoka kudzera padoko la Mariel. Mu 1994 ena oposa 30,000 analowa m'nyanja pa matabwa ndi machubu a matayala, kulunjika ku Florida m'dziko la America, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ndipo ena anathera m'madzi momwemo. M'zaka za 2022 ndi 2023 zokha, oposa 400,000 anafika ku America, ambiri atagulitsa nyumba kuti apeze ya ndege yopita ku Nicaragua, kenako n'kuyenda pamtunda kudutsa Honduras, Guatemala ndi Mexico. M'gulu limenelo munali madokotala, anamwino, ndi aphunzitsi anzanu amene anasiya makalasi pakati pa chaka.