Yankho kwa achemwali ofunsa za nyumba ya amayi ndi care home

Achemwali, pepani ndi matenda a amayi. Mwafunsa ngati khonsolo idzawalipirira ku care home (nyumba yosamalirako okalamba ndi odwala) popeza vuto loiwalaiwala lakula, komanso ngati kuli bwino kumvera anzanu amene akuti nyumba yawo ya ku Luton ilembedwe msanga m'dzina lanu. Ndakhala ndikusamalira okalamba kuno ku England kwa zaka ndithu, ndipo nkhani yotereyi ndaiona ikuliza mabanja.

Chonde nyumbayo musaisinthe dzina. Zaka 7 zimene anthu amakonda kutchula, zoti zikadutsa katundu amene munapereka sawerengedwanso, ndi za msonkho wa chuma chamasiye, sizikhudzana ndi care home ayi. Khonsolo ikaona kuti munthu anapereka katundu wake dala pothawa kulipira, imawerengera ngati akadali naye, ndipo lamulo la Care Act 2014 limailola kukulipiritsani inuyo amene munalandira. Palibenso malire a zaka zimene ingafufuze m'mbuyo. Nanga poti amayi akudwala kale, mudzanena kuti simunkadziwa kuti adzafunika chisamaliro? Komanso ngati mutu wawo sukugwira bwino, siginecha yawo ikhoza kukanidwa.

Kawerengedwe kake nkotere. Amene chuma chake chaposa £23,250 amadzilipirira yekha. Chikakhala pakati pa £14,250 ndi £23,250 khonsolo imathandiza, koma pa £250 iliyonse ya pakatipo munthu amasonkha £1 pa sabata. Chikachepera £14,250 sachikhudza, ngakhale penshoni imapitabe ku care home, mwiniwake nkungotsala ndi pafupifupi £30 pa sabata yogulira sopo ndi tina n'tina. Malire awiriwa sanasinthe chiyambire 2010, nchifukwa chake ngakhale anthu osauka akugwidwa nawo. Ku Wales malire a care home ndi £50,000, ndiye malangizo a kumeneko musawatengere kuno.

Nyumba siiwerengedwa ngati abambo akukhalamo, kapena wachibale wazaka 60 kupita m'tsogolo, kapena wachibale wolumala. Siiwerengedwanso ngati amayi akusamalidwa pakhomo pawo pomwepo. Ngati amakhala okha, masabata 12 oyamba saiwerengera, kenako mukhoza kupempha deferred payment, yomwe ndi ngongole ya kukhonsolo yodzabwezedwa nyumba ikadzagulitsidwa. Ndipo ichi ambiri aife sitichidziwa: puloti kapena nyumba ya ku Lilongwe nayonso ndi chuma, iyenera kulembedwa pafomu.

Musanafike pa zandalama zonsezi, pemphani kuti amayi awunikidwe ngati akuyenera NHS Continuing Healthcare, chomwe ndi chisamaliro cholipiridwa ndi NHS, bungwe la boma la zaumoyo. Imeneyo sayang'ana chuma, amayang'ana kukula kwa matenda, ndipo akavomera NHS imalipira zonse. Kuipeza nkovuta, koma kupempha ndi ufulu wanu, ndipo akakana mukhoza kuchita apilo. A Age UK, bungwe lothandiza okalamba, amalangiza kwaulere pa zimenezi.

Tandiuzani, kodi abambo alipo ndipo akukhala m'nyumbamo? Ngati ndi choncho, nkhawa ya nyumbayo ichotseni kaye.