Mitsuko yochapira ya ku Santa Catalina

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anaona zithunzi za nyumba yakale ya masisitere ya Santa Catalina ku Arequipa, m'dziko la Peru, ndipo akudabwa kuti alendo amajambula makhitchini akuda bii ndi malo ochapira. "Pamenepo pali chiyani choti n'kusungira? Si tchalitchi chimene chili chofunika?"

Mayi, tchalitchicho n'chokongoladi, koma ine mutandipatsa ola limodzi lokha ndingathamangire kochapirako.

Nyumbayi inakhazikitsidwa mu 1579 ndi María de Guzmán, mkazi wamasiye wolemera. Anaimanga ndi sillar, mwala woyera wochokera ku mapiri ophulika a m'deralo. Atsikana ambiri olowa usisitere kumeneko anali a m'mabanja achuma, ndipo makolo ankapereka ndalama zambiri kuti mwana wawo alandiridwe. Zivomezi zitagumula zina mwa nyumba zoyamba, mabanja anayamba kumangira ana awo tinyumba tawotawo, kambiri kokhala ndi khitchini yake ndi uvuni wake. N'chifukwa chake mkatimo muli timisewu ngati tauni.

Nanga ankasonkha moto m'mauvuniwo ndani? Antchito, ena mwa iwo akapolo. Zithunzi zopachikidwa m'makoma n'za oyera mtima ndi masisitere otchuka. Za amayi otumikirawa mungazidziwire pa mwaye wa kudenga ndi pochapira paja.

Pochapirapo anamanga mu 1770. Anatenga mitsuko ikuluikulu yadothi, yofanana ndi yosungiramo vinyo kapena chimanga, n'kuidula pakati. Zigawo 20 anazindandalika mbali zonse ziwiri za kangalande. Wochapa akatseka madzi ndi dzanja kapena mwala, madziwo ankapatukira mumtsuko wake, ndipo akamaliza ankatsegula kabowo kapansi kuti akuda atuluke. Popanda mpopi, popanda chitsulo. Nzeru imeneyi ine imandigometsa kuposa zokongoletsa za paguwa.

Mu 1871 kunabwera Sisitere Josefa Cadena kudzakhwimitsa mwambo. Antchito anamasulidwa, masisitere anayamba kudyera pamodzi, ndipo makhitchini ang'onoang'ono aja anasiya kufuka utsi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti nyumba zotere ndi zimene zimayamba kugwetsedwa kapena kusandutsidwa sitolo ya alendo, poti palibe amapempheramo. Ku Arequipa zinapulumuka. Zivomezi za 1958 ndi 1960 zitawononga malowa, anawakonzanso n'kuwatsegulira anthu mu 1970, ndipo masisitere akukhalabe m'chigawo china chimene alendo saloledwa kulowamo.